Kukonza M'bindikiro wa Sabata wa Atsikana Achiyuda ku Johannesburg

Ayuda a ku South Africa, omwe alipo pafupifupi 50,000 ndipo ambiri mwa iwo amakhala ku Johannesburg m'madera ngati Glenhazel, Sydenham ndi Sandringham, ali ndi chizolowezi chotenga achinyamata awo n'kupita nawo kunja kwa mzinda kuti akachite Sabata pamodzi. M'bindikiro wotere amautcha shabbaton, ndipo umakonzedwa ndi masunagoge, sukulu kapena magulu a achinyamata monga Bnei Akiva. Malangizo awa ndi a munthu amene wapatsidwa ntchito yokonza m'bindikiro wa atsikana okhaokha a zaka 13 mpaka 17, n'cholinga choti atsikanawo adziwane ndi kugwirizana. Angathandizenso ophika, oyang'anira malo ogona alendo ndi madalaivala, omwe ena mwa iwo ndi Amalawi ogwira ntchito m'chigawo cha Gauteng, pakuti nthawi zina amalandira magulu otere osadziwa chifukwa chimene alendo awo akulekera kukhudza switchi ya magetsi Lachisanu usiku.

Wokonza shabbaton ali ndi mwayi umene okonza misonkhano ina alibe, chifukwa Sabata palokha limamugwirira ntchito yaikulu. Kwa maola pafupifupi 25, kuyambira madzulo a Lachisanu kufikira nyenyezi zitatu zitaoneka Loweruka, atsikanawo amakhala opanda foni, opanda kopita, akudya pa tebulo limodzi katatu, ndipo ngakhale amene sankalankhulana kusukulu amayamba kucheza chifukwa palibe china chowatangwanitsa. Udindo wanu ndi kuonetsetsa kuti pofika nthawi yoyatsa makandulo olandirira Sabata palibe chotsala choti mukonze, popeza dzuwa likangolowa malamulo a Sabata sakulolaninso kuphika, kulemba, kuyatsa kapena kuzimitsa magetsi, kugula kanthu kapena kuyendetsa galimoto.

Kusankha tsiku

Yambani kukonzekera kutatsala miyezi itatu, ndipo yalani pa tebulo makalendala awiri, ya Chiyuda ndi ya sukulu. Kalendala ya Chiyuda imayendera mwezi wa kumwamba, motero zikondwerero zimasuntha chaka ndi chaka. Mwezi wa Tishrei, umene umagwa mu Seputembala kapena Okutobala, musauganizire n'komwe, chifukwa masiku opatulika a Rosh Hashanah, Yom Kippur ndi Sukkot amabwera motsatizana ndipo mabanja amafuna ana awo pakhomo. Pewaninso masiku a Pasika ndi masiku oyandikira Pasika, pamene nyumba iliyonse ili kalikiliki kuchotsa chofufumitsa. Kuyambira tsiku lachiwiri la Pasika amawerenga masiku 49 otchedwa Omer, ndipo mabanja ambiri samvera nyimbo za zoimbira kufikira tsiku la 33. Mu Julayi kapena Ogasiti muli masiku olira kugwetsedwa kwa Kachisi wa ku Yerusalemu, othera pa tsiku losala kudya la Tisha B'Av, ndipo m'masiku asanu ndi anayi omaliza anthu opembedza sasambira ndiponso sadya nyama kupatula pa Sabata.

Kalendala ya sukulu nayo imadya masiku ake. Mu Juni muli mayeso a pakati pa chaka, mu Okutobala ndi Novembala a matric, kalasi yomaliza ya sekondale, ali pa mayeso awo omaliza, ndipo mu Disembala achinyamata ambiri amakhala ali ku makampu aakulu a kunyanja, a Bnei Akiva ku Mossel Bay ndi a Habonim Dror ku Onrus. Mukachotsa zonsezi mumatsala ndi Febuluwale ndi kumapeto kwa Ogasiti. Ine ndingasankhe Febuluwale, chifukwa chaka cha sukulu chimakhala changoyamba, atsikana atsopano sanapeze timagulu tawo, ndipo dzuwa limachedwa kulowa. M'nyengo yozizira, makamaka mu Juni, dzuwa la ku Johannesburg limalowa 17:30 isanakwane, ndipo poti makandulo amayatsidwa kutatsala mphindi 18 kuti lilowe, Lachisanu lonse limathera m'kuthamanga. Ngati pali Sabata loyandikana ndi Rosh Chodesh, tsiku la mwezi watsopano, litengeni, popeza mwambo wa Chiyuda umati tsikuli linaperekedwa kwa akazi chifukwa iwo anakana kupereka ndolo zawo kuti apangire mwanawang'ombe wa golide.

Kugwirizana za kasungidwe ka Sabata

Musanayang'ane malo, khalani pansi ndi rabi kapena mkazi wa rabi wa gulu lanu mugwirizane mmene Sabata lidzasungidwire. Ayuda ambiri a ku South Africa ndi a masunagoge a Orthodox, otsata malamulo a Chiyuda mosamalitsa, koma si mabanja onse amene amasunga Sabata mokwanira kunyumba, choncho m'basi imodzi mudzakhala mtsikana amene sanakhudzepo foni pa Sabata chibadwire ndi wina amene sanakhalepo tsiku lathunthu wopanda foni. Njira yabwino ndi yakuti m'malo onse a gulu, monga chipinda chodyera, holo ndi panja, atsate malamulo onse, kuti wosunga kwambiri asasowe pokhala, ndipo zimenezi zilembedwe m'kalata ya makolo kuti pasakhale wodzidzimuka. Uzaninso alangizi kuti mtsikana akaiwala n'kuyatsa getsi la kubafa, asamudzudzule pagulu ndipo asalole anzake kumuyang'ana ndi diso loweruza. Kugawikana kumene kumaononga mibindikiro yotere kawirikawiri kumayambira pa tinthu tating'ono ngati timeneti.

Malo

Mapiri a Magaliesberg ndi dera la Hartbeespoort ali ndi malo ambiri olandira magulu, ndipo ali pa mtunda wa ola limodzi kapena limodzi ndi theka kuchokera mumzinda. Musapitirire apo. Pitani nokha kukaona malowo, ndipo muyende chipinda ndi chipinda mukufunsa mafunso amene mwini malo sanafunsidwepo: kodi zitseko zimatsegulidwa ndi kiyi wamba kapena ndi kakhadi ka magetsi, kodi pali magetsi oyaka okha munthu akamadutsa, kodi geti ndi la magetsi, kodi mipopi ya m'bafa imatulutsa madzi yokha munthu akaika dzanja. Zonsezi ndi zovuta pa Sabata ndipo zimafunika kuzimitsidwa kapena kupezeredwa njira ina. Funsani ngati malowo ndi ozunguliridwa ndi mpanda wathunthu, ndipo mufotokozere rabi mmene ulili, chifukwa popanda mpanda woyenera kapena eruv, chingwe kapena malire ozungulira malo oimira mpanda, atsikana saloledwa kunyamula ngakhale buku kapena botolo la madzi kuchoka m'nyumba kupita panja. Ulendo woyenda pansi Loweruka masana nawo uli ndi malire, pafupifupi kilomita imodzi kuchokera pamene nyumba zathera.

Onetsetsani kuti pali jenereta kapena magetsi a dzuwa oyaka okha magetsi akazima, pakuti chakudya chonse cha Loweruka chimadalira hotipuleti imene simungaiyatsenso nokha. Ngati n'kotheka tengani malo onse kuti musasakanikirane ndi alendo ena, ndipo pemphani kuti ogwira ntchito aamuna asamafike kumene atsikana akugona kapena kusambira.

Chinthu chimodzi chimene chimaiwalika ndi kukambirana ndi ogwira ntchito a pamalopo Sabata lisanayambe. Lamulo la Chiyuda silimulola Myuda kutuma munthu wa mtundu wina kuti amugwirire ntchito yoletsedwa pa Sabata, kupatula pa zifukwa zina zimene rabi angafotokoze. Choncho magetsi amene adzakhale oyaka usiku wonse, amene adzazime okha pa nthawi yoikika, ndi mafani kapena zotenthetsera m'zipinda, zonse zigwirizanidwe Lachisanu masana. Wogwira ntchito akamvetsa zimenezi sadabwa poona atsikana atakhala mumdima osapempha thandizo, ndipo sakuyesa kunyada.

Chakudya

Apa ndi pamene ndalama zambiri ndi zolakwika zambiri zimapita. Khitchini ya malo ogona alendo si ya kosher, ndiko kuti yotsata malamulo a Chiyuda a zakudya, ndipo kuiyeretsa kuti ikhale ya kosher kumafuna mashgiach, munthu woyang'anira kaphikidwe, amene amabwera ndi malipiro ake. Kwa gulu la atsikana 20 kapena 30, njira yosavuta ndi kugula chakudya chophikaphika kwa ophika ovomerezedwa ndi Beth Din, bwalo la arabi la ku Johannesburg, n'kupita nacho pamodzi ndi mahotipuleti anu, chithini cha magetsi chosungira madzi otentha, mipeni yanu, ndi mbale, makapu ndi masupuni otaya mukadyera. Matebulo a kukhitchini muwakute ndi foyilo kapena pulasitiki yokhuthala. Chilichonse chogula m'sitolo, ngakhale bisiketi kapena switi, chikhale ndi chizindikiro cha kosher kapena chipezeke pa mndandanda wa Beth Din, ndipo uzani atsikana kuti zokhwasula zimene akubweretsa zidzaonedwa pokwera basi.

Nyama ndi mkaka siziphikidwa kapena kudyedwa pamodzi, ndipo ziwiya zake sizisakanizidwa, motero ikani chizindikiro chofiira pa za nyama ndi cha buluu pa za mkaka. Munthu akadya nyama amadikira asanadye za mkaka, ambiri maola asanu ndi limodzi, mabanja ena atatu, ndipo pa gulu tsatirani asanu ndi limodzi. Izi zikutanthauza kuti keke ndi zotsekemera za pambuyo pa chakudya cha nyama ziyenera kukhala parev, zopanda nyama ndi mkaka womwe. Nsomba yololedwa ndi ya zipsepse ndi mamba, monga Levitiko 11 akunenera. Kunena mwa kwathu, chambo n'chololedwa koma mlamba ayi. Masamba amatsukidwa ndi kuyang'anidwa bwino kuti musakhale tizilombo, ndipo dzira lililonse limaswedwa palokha m'kapu kuti aone ngati lilibe kadontho ka magazi. Ngati wophika si Myuda, moto kapena uvuni uyatsidwe ndi Myuda. Wophikayo adziwitsidwe zimenezi mwaulemu pasadakhale kuti asaone ngati akukayikiridwa.

Pa Sabata pamadyedwa katatu: Lachisanu usiku, Loweruka masana, ndi chakudya chachitatu, seudah shlishit, dzuwa likupendeka. Pa chakudya chilichonse pamafunika mikate iwiri yathunthu ya challah, yokumbutsa mana owirikiza amene ankagwa tsiku lachisanu ndi chimodzi m'chipululu, monga zalembedwa pa Eksodo 16. Pa kiddush, dalitso lonenedwa pa kapu ya vinyo chakudya chisanayambe, gwiritsani ntchito madzi a mphesa a kosher m'malo mwa vinyo, popeza awa ndi ana osakwana zaka 18. Chakudya cha Loweruka masana nthawi zambiri chimakhala cholent, nyemba, balere, mbatatesi ndi nyama zimene zimaikidwa pa moto Lachisanu n'kugona pomwepo usiku wonse. Thirani madzi okwanira musanayatse makandulo, chifukwa mphika ukauma m'mawa simudzaloledwa kuthiramo madzi ozizira. Konzani mphika wina wopanda nyama, ndipo pitani ndi zipatso ndi zokhwasula zochuluka kuposa mmene mukuganizira, pakuti atsikana a msinkhu uwu amamva njala pakati pa usiku.

Makolo, chitetezo ndi ndalama

Kutatsala mwezi ndi theka tumizani fomu ya chilolezo imene kholo lisayine, ndipo pa fomuyo pakhale matenda a mwana, mankhwala amene amamwa, zakudya zimene thupi lake limadana nazo, ndi nambala ya munthu amene angayankhe foni pa Sabata pakagwa zadzidzidzi. Pakhalenso funso la ngati kholo likulola kuti zithunzi za mwana wake ziikidwe pa intaneti, chifukwa lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu ku South Africa, limafuna chilolezo chotere. Wamkulu aliyense wopita nawo afufuzidwe ku polisi ndi m'kaundula woteteza ana amene anakhazikitsidwa pansi pa Children's Act ya 2005, ndipo pasakhale wamkulu wotsekera chitseko ali yekha ndi mtsikana mmodzi. Dziwitsani a CSO, bungwe loona za chitetezo cha Ayuda, za malo ndi masiku anu, ndipo ndandanda ya ulendo isaikidwe poyera. Lembani nambala ya Hatzolah, gulu la Ayuda lothandiza odwala mwadzidzidzi, pamodzi ndi ya ambulansi ndi chipatala cha pafupi ndi malowo, n'kuzimata pa khoma.

Mtsogoleri mmodzi asunge foni yoyaka ndi makiyi a galimoto Sabata lonse. Lamulo la pikuach nefesh limati moyo wa munthu ukakhala pa ngozi, malamulo a Sabata amapatuka, ndipo alangizi achitsikana auzidwe momveka kuti mtsikana akabanika ndi mphumu kapena akakomoka, aimbe foni nthawi yomweyo osayamba kufunafuna rabi.

Pa bajeti, onjezerani pang'ono pa mtengo wa aliyense kapena pemphani sunagoge kuti ithandize amene sangakwanitse. Munthu mmodzi yekha ndiye adziwe amene wathandizidwa. Maimonides, mphunzitsi wakale wotchuka wa Chiyuda, anaika kupereka kumene wopereka ndi wolandira sadziwana pafupi ndi pamwamba penipeni pa masitepe asanu ndi atatu a tzedakah, kuthandiza osowa, ndipo pakati pa atsikana amene amaonana zovala ndi nsapato, chinsinsi chimenechi n'chofunika koposa.

Alangizi ndi zipinda

Alangizi, omwe amatchedwa madrichot, amakhala atsikana achikulire omwe angomaliza kumene sukulu kapena ali ku yunivesite, ndipo mmodzi ayang'anire atsikana asanu ndi mmodzi mpaka asanu ndi atatu. Musalole atsikana kudzisankhira okha zipinda, chifukwa adzangobwereza timagulu ta kusukulu ndipo wina adzatsala ataimirira ndi chikwama chake pakhomo. Aliyense alembe mobisa maina a anzake awiri, inu mumulonjeze mmodzi, ndipo otsalawo muwasakanize sukulu ndi makalasi. Patsani aliyense ntchito: oyala tebulo, otsogolera nyimbo, wofotokoza gawo la Tora la Sabata limenelo, ochotsa mbale. Mtsikana wamanyazi amamasuka msanga akakhala ndi chochita m'manja kusiyana ndi pamene wauzidwa kuti aimirire adzifotokoze.

Lachinayi madzulo, ngati mungathe, sonkhanitsani atsikana kuti akande ndi kuluka challah imene adzadye. Kuphika challah pagulu kunatchuka kwambiri kuyambira mu 2013, pamene Rabi Wamkulu Warren Goldstein anayambitsa Shabbat Project ku South Africa, ndipo atsikana ambiri anaonapo amayi awo akupita ku misonkhano yotere. Kupatulapo kachidutswa ka ufa wokandawo ndi limodzi mwa malamulo amene mwambo umawapereka makamaka kwa akazi, ndipo ufa ukamawaza aliyense m'tsitsi, manyazi amakhala atachepa basi isananyamuke.

Lachisanu

Nyamukani msanga kuti mufike kutatsala maola atatu kapena kuposa, poganizira kuchuluka kwa magalimoto ndi mvula ya mabingu ya masana imene imagwa kawirikawiri mu Febuluwale. Mukafika, alangizi ayende ndi selotepi kumata maswitchi, achotse kababu ka m'firiji, aike m'zimbudzi mapepala odulidula ndi sopo wa madzi, adzaze chithini cha madzi n'kuchiwiritsa, ndipo chakudya chikhale pa hotipuleti. Makadi a mafunso, maina a pa tebulo ndi mapepala a nyimbo akhale olembedwa kale. Atsikana asambe, avale, aimbire makolo, kenako mafoni, ndalama ndi zolembera zilowe m'bokosi lokhoma. Makandulo ang'onoang'ono aikidwe pa thileyi ya chitsulo kapena pa mchenga, kutali ndi makatani, ndipo wamkulu akhale pafupi kufikira atazima okha. Aliyense ayatse ake, aphimbe maso, anene dalitso, ndipo musawafulumize kuchokapo.

Pambuyo pa mapemphero, kiddush, kusamba m'manja ndi chakudya, imabwera nthawi imene atsikana ambiri adzaikumbukire, pamene onse amakhala pansi mozungulira n'kuyamba kulankhula za mumtima. Nthawi imeneyi ingamange gulu kapena kuliphwasula, malinga ndi malamulo amene mwaika poyamba. Akumbutseni za lashon hara, miseche imene Levitiko 19:16 amaletsa, ndipo muwauze kuti m'chiphunzitso cha Chiyuda kunena zoipa za munthu n'koletsedwa ngakhale zili zoona. Aliyense alankhule za iye mwini, osatchula mnzake amene palibe, ndipo zimene zanenedwa pabwalopo zisakapezeke pa WhatsApp Lamlungu. Yambani ndi mafunso opepuka, monga fungo la kunyumba kwa agogo ake kapena nkhani ya dzina lake la Chihebri, ndipo muzame pang'onopang'ono. Amene sakufuna kuyankha adutsidwe popanda kufunsidwa chifukwa. Pali alangizi ena amene amayesa kuti bwalo layenda bwino pokhapokha aliyense atalira, ndipo amakoka ana kuti aulule zimene m'mawa mwake adzachita nazo manyazi. Musalole zimenezo. Nenaninso poyera kuti chinsinsi chili ndi malire: mtsikana akaulula kuti akuzunzidwa, akudzivulaza kapena akudzimana chakudya, mlangizi adzauza wamkulu woyenera, ndipo adzamudziwitsa iye mwini asanatero.

Loweruka ndi Lamlungu

M'mawa musawadzutse mbandakucha. Pambuyo pa mapemphero, agaweni awiriawiri kuti awerenge ndime imodzi ndi kutsutsana, monga mwa chizolowezi cha chavruta, ndipo muphatikize amene sadziwana. Nkhani ya ana aakazi asanu a Tselofekadi pa Numeri 27, amene anaima pamaso pa Mose kupempha cholowa cha bambo awo ndipo anauzidwa kuti akunena zoona, imautsa mkangano wabwino pakati pa atsikana a msinkhu uwu. Akadya masana, siyani maola awiri kapena atatu opanda ndandanda. Okonza ambiri amaopa nthawi yopanda kanthu n'kuidzaza ndi masewera, koma ubwenzi weniweni umayambira pa kapinga pansi pa mtengo, pamene palibe wamkulu amene akutsogolera. Mlangizi angoyang'anitsitsa ngati pali wina amene wakhala yekha kwa nthawi yaitali.

Chakudya chachitatu chimadyedwa dzuwa likupendeka, ndipo nyimbo zake zimakhala zodekha. M'mabanja opembedza kwambiri atsikana saimba pamaso pa amuna, choncho pemphani kuti pa nthawiyi pasakhale mwamuna pafupi, ndipo mudzamva mawu a ena amene simunawamvepo akuimba. Nyenyezi zikatuluka chitani havdalah, mwambo wotsekera Sabata, panja, ndi kapu ya madzi a mphesa, zonunkhira zoyenda dzanja ndi dzanja, ndi kandulo yoluka ya zingwe zingapo. Mafoni abwezedwe kwa mphindi 15 zokha kuti auze makolo kuti ali bwino, kenako abwerere m'bokosi, apo ayi zonse zimene Sabata lamanga zidzabalalika m'kanthawi kochepa. Usiku umenewo sonkhani moto ngati eni malo alola, pokumbukira kuti mu Ogasiti udzu umakhala wouma ndipo mphepo imaomba kwambiri. Poti tsopano kulemba n'kololedwa, aliyense atole dzina m'chipewa n'kulembera mnzakeyo kalata yaifupi yonena chabwino chimodzi chimene waona mwa iye, ndipo alangizi aziwerenge asanazipereke kuti pasakhale wosowa kalata kapena wolandira mawu obaya.

Lamlungu m'mawa asambire ngati pali mkazi wodziwa kupulumutsa anthu m'madzi, ayeretse zipinda, ndipo gulu lonse lipite kukathokoza ophika ndi oyeretsa maso ndi maso, ndi kangachepe kamene munakaika kale pa bajeti. Ziwiya za nyama ndi za mkaka zilongedwe m'mabokosi osiyana. Basi isananyamuke, tsegulani kalendala muone tsiku la Rosh Chodesh yotsatira, mugwirizane nyumba imene mudzakumaneko, ndipo musankhe atsikana awiri ochokera m'zipinda zosiyana kuti akonze msonkhanowo.